Nkhafi ya a Oswald

"Mwera ukangoleka, ndikupita naye panyanja," anatero a Oswald akukutumula thumba lakale lamchere. Analipachika pamsomali pakhonde, pamalo poti akazi awo azilionera bwino.

Akazi awowo, Keziah, anangopitiriza zomwe ankachita. Anali chogwada pafupi ndi mphaka wawo, Kapitao, atamuikira mnofu wa chambo pachigoba. Mphakayo anangotembenuza mutu n'kuyetsemula. Maso onse anali atamatika ndi manthongo, mamina atauma pamphuno, akupumira kukamwa ngati nkhalamba yokwera mtunda wa ku Chipyela. Ameneyu ndiye ankayendera nyumba zonse za ku Mbungo mchira uli m'mwamba, mpaka kupatsidwa dzina laukapitao. Lero nthiti zinali pamtunda.

A Oswald sanali munthu wankhanza ayi. Ankati chiweto chokana chambo chafa kale, kuchisunga n'kuchizunza chabe. Ndiponso anthu anali atayamba kunong'ona kuti chimfine chimenechi chilowa mwa ana. Koma Keziah ankamva kuwawa mumtima. Amene anamusiyira mphakayu ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Phyllis, tsiku lomwe anakwera sitima kutsatira mwamuna wake ku Walale, kunja kwa dziko lino. Kuchokera apo mwanayo sanapondenso pachilumba. Ndiye chimene anakusiyira mwana m'manja ukachiponye m'madzi?

Amene anabwera ndi nzeru ndi Evelina, mnansi wawo, yemwe kale ankachapa kuchipatala. Anamuyang'ana mphaka uja n'kuseka, amvekere mphaka sadya chimene sakuchinunkhiza, ndipo chambo chozizira kwa iye chinali ngati mwala. Anati awiritse madzi, ena aikemo kamchere pang'ono, akazizira azimupukuta nawo maso ndi mphuno ndi kansalu koyera. Enawo azimufukiza nthunzi m'mawa ndi madzulo kuti mphuno zitseguke, kenako amupatse usipa wootcha udakali wofunda. Za ana anati asadandaule: amphaka ake anadwalapo chomwechi, m'nyumba osatsokomola ndi mmodzi yemwe.

"Koma nkhuni muli nazo, amayi a Phyllis?" anafunsa Evelina.

Apo ndiye panagona nkhani. Pa Likoma nkhuni si zotola. Zimachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo chiyambire mwera palibe bwato lomwe linayerekeza kuoloka. Mudzi wonse unkaphikira mapesi a chinangwa ndi zikhokho za malambe, moto wake wongoti lawilawi, kenako phulusa. Evelina mwiniwake analibe ndi kamtengo kobwereketsa. Kuwiritsira mphaka madzi nyengo yotere, anthu akanati Keziah mutu wabalalika.

Komabe anayesa. Analowetsa Kapitao m'mono wakale wa nsomba, naika mphika wamadzi otentha pambali, n'kufunditsa zonse ndi bulangete. Mphaka analira pang'ono, kenako zii. Atamutulutsa, mamina anali atafewa, koma usipa anaukana. Mawa lake mapesi anatha. Madzi anangofunda, nthunzi osatuluka.

Keziah anaima pakhomo akuyang'ana mafunde. Masiku onsewa ankapempha Mulungu kuti mphepo ileke, nkhuni zibwere. Tsopano anachita mantha ndi pemphero lake lomwe, pakuti bata likanabwera ndi nkhuni, komanso likanatenga Kapitao. Potembenuka, maso ake anagwera pa nkhafi ya amuna ake, itatsamira kuseri kwa chitseko. Inali ya mlombwa, youma gwaa, yosalala ndi manja a zaka zambiri. A Oswald analibe ina.

Wina asakunamizeni kuti Keziah anachita mosadziwa. Anadziwa bwinobwino. Anadikira amuna ake apite kukasoka maukonde ndi kusewera bawo pansi pa mlambe, natenga nkhwangwa. Anaiwaza nkhafi ija timitengo ting'onoting'ono n'kutibisa pansi pa lichero.

Mlombwa suchita masewera. Madzi anabwata, nthunzi inadzaza bulangete. M'mawa ndi madzulo Keziah ankapukuta maso a mphaka uja, kufukiza, kuotcha usipa pamakala otsala n'kuunyenyanyenya ndi timadzi. Poyamba ankachita kumupaka pamlomo kuti anyambite. Kenako diso limodzi linatseguka. Linalo linatsatira, lofiira, likuchucha misozi. A Oswald ankabwera kudzadya, kudabwa kuti masiku ano kondowole akupsa bwino, koma osafunsa. Mwamuna akakhuta safunsa za nkhuni.

Tsiku lina kunacha kuli bata. Kugombe kunali phokoso la amuna akukankha mabwato. A Oswald anatsitsa thumba lija pamsomali, napisa dzanja kuseri kwa chitseko. Anapapasa, anasuzumira, anazungulira nyumba. Atalowa m'khitchini anapeza akazi awo atakhala pansi, mono uli pambali, ndipo pamoto pakunyeka kamtengo komwe anakazindikira msanga. Kanali chogwirira, chokhala ndi kamtanda komwe anajoba okha ndi mpeni ali mnyamata.

Anacheukira akazi awo.

"Amayi a Phyllis, imeneyo ndi nkhafi yanga?"

"Ndi yomweyo, bambo."

"Yonse?"

"Yatsala yomwe mukuionayo."

A Oswald anagwira pakamwa. Mkwiyo unabwera, n'zoona, ndipo anayankhula. Anati nkhafi imeneyo ndiyo inalera Phyllis, ndiyo inafolera nyumba. Anati lero anzawo akapha utaka, iwo azikapempha nkhafi kwa msodzi mnzawo a Matias ngati mwana wamasiye, a Matias omwe akakubwereka singano mudzi wonse umamva. Keziah sanadziteteze. Anangoti walakwa, ndipo mabwato akaoloka apita nawo yekha kukafuna mtengo wina. Koma anatinso, mawu ali pansi, kuti sakanatha kudzamuuza Phyllis kuti mphaka wake anamizidwa ndi atate ake.

Ali mkati molankhula, Kapitao anatuluka m'mono akudzandira. Anaima, nakweza mphuno m'mwamba ngati akufunsa njira. Kenako analunjika pachigoba cha usipa payekha, popanda womukankha. Anayetsemula kamodzi, n'kuyamba kudya. M'khitchini monse munangomveka timinga tikuphwanyika.

A Oswald anayang'ana mphaka, nayang'ana moto.

"Idyani, a Kapitao," anatero. "Mwadya nkhafi yathunthu, usipa ungakukanikeni?"

Keziah anafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola. Anaipukuta ndi nsonga ya nsalu, naponya kachogwirira kaja pakati pamoto kuti madzi amadzulo asadzavute.

Kugombe wina anaitana dzina la a Oswald. Iwo anayang'ana thumba lomwe linali m'manja mwawo ngati aiwala ntchito yake. Analipinda pawiri, nawerama n'kuliyala pafupi ndi mafuwa.

"Muzimugoneka apa, pansipa pakuzizira," anatero.

Atatero anatuluka chimanjamanja, kulowera kwa a Matias.