Udzu wa Kumalire

Khasu la Nikolasi linali litazula kale zitsamba zingapo za vetiva pamene amayi ake, a Petronela, anatuluka m'nyumba, duku lakuda lili kumutu. Abale amene anabwera kudzaika amuna awo, a Januario, anali atabwerera ku Nsanje dzulo lake.

"Iwe, ukutani pamenepo?"

"Ndikuchotsa tchireli, amayi. Mubisala njoka umu. Ndidzala kapinga, pakhale ngati kumayadi."

Kunena zoona, a Petronela nawonso udzuwo sankaukonda. Amuna awo anakalamba akulimbana ndi nansongole, udzu wosamva khasu uja, woti ukauzula lero mkucha wakubaya kuphazi. Koma vetivayu, ha! Ankamusamala ngati mwana wobadwa yekha, mzere wonse wa kumunsi kwa poloti, kumalire ndi a Marko. Ukawafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi: "Usiyeni."

Ndiye a Marko akewo! Chichokereni riferendamu, awiriwo sanapatsanepo moni. A Januario anali a nyali, a Marko a tambala, ndipo Bangwe yense ankadziwa. Ngakhale pamaliro, a Marko anakhala patali, pansi pa mtengo wa mango.

Koma lero ndi awo akukwera chitunda, chipewa kumanja, wefuwefu.

"Pepani mayi," anatero a Marko. "Muuzeni mwanayu asazule."

"Poloti ndi yathu iyi, madala," anayankha Nikolasi, khasu lili m'mwamba.

"Ndi yanu, inde." A Marko analoza dothi limene linaunjikana kuseri kwa mzerewo, lofika m'mawondo. "Mvula ikagwa, madzi onse a m'phiri amadzera pano. Chaka cha chisankho anandigwetsera khoma la chipinda cha ana. Mvula isanathe, bambo ako anadzala udzu uwu. Sanandiuze kanthu. Inenso ndinkangodutsa ngati sindikuona." Anayang'ana mzere wa udzuwo. "Moni wanga sanaumve, koma madzi a kwanu sanalowenso m'nyumba mwanga."

Nikolasi anatsitsa khasu pang'onopang'ono.

Mtima wa a Petronela unawawa kuposa tsiku la kumanda. Zaka zonsezi ankawanena amuna awo kuti ndi a nkhutukumve, osunga mangawa, koma sankadziwa kuti m'mamawa uliwonse amene malemuwo ankatsikira kumunsi ndi chikwakwa, ankapita kukasunga nyumba ya mdani wawo.

Anamanga bwino chitenje, natsika. Anatola chitsamba chimodzi chozulidwacho, nachigawa pakati monga ankachitira malemu, mizu ikununkhira m'manja. Mbali imodzi anaika m'dzenje, ina anapatsa a Marko.

"Bambo ako ankaponda ndi chidendene," anauza Nikolasi. "Ponda."

Nikolasi anavula nsapato, naponda dothilo. A Marko anagwada pa dzenje lotsatira.