Mtedza Umene Chisangalalo Sanaulume

Nkhaniyi anandiuza ndi Andreya, bambo wina wogula soya ndi mtedza, amene ndinakhala naye pamwamba pa matumba m'lole yochokera ku Ntchisi Boma. Loleyo inatitimira m'matope tisanafike ku Nachisaka, ndipo pamene eni ake ankadula nthambi zoika kunsi kwa matayala, ife okalamba tinangotsala ndi pakamwa. Andreya analoza munda wa mtedza kutsidya kwa khwawa.

"Mukuuona mundawo, achikulire? Chaka chatha unali ngati m'kamwa mwanumo. Dzino apa, dzino uko."

Ndinaseka, chifukwa sananame. Ndiye anayamba.

Panali mtsikana dzina lake Chisangalalo, mwana wa malemu a Mikayeli a m'mapiri a ku Ntchisi, amene ankadziwika mudzi wonse kuti mbewu yosunga iwo sikana kumera. Mtsikanayu anali pa koleji ya zaulimi. Bambo ake atamwalira anabwererako ndithu kusukulu, koma mtima unatsalira kumanda. Tsiku lina anamuimika pamaso pa alimi kuti awafotokozere za kabzalidwe ka mtedza, monga amachitira ophunzira onse. Mawu anakana. Alimi anayamba kutsokomola, wina anaseka. Iye anapempha kuti apume chaka, nabwerera kumudzi. Kumeneko ankangokhala kuseri kwa nyumba, moni akuyankha maso ali pansi.

Amene anamutola ndi amalume ake, a Elifala, mlongo wa amayi ake, amene anali ndi shedi yogulira mbewu pa Nachisaka. Anauza mlongo wawo kuti, "Mundipatse mwanayu chaka chino. Akamabwerera ku koleji adzakhala munthu, ndipo zofunika kumeneko ndidzaona ndine."

Masiku oyamba anali a misozi. Mlimi akatula thumba, Chisangalalo ankanena mtengo monong'ona.

"Iwe Chisa, ukuuza ndani, nyerere?" ankatero a Elifala. "Kodi ku koleji amakuphunzitsani kuyankhula ndi nsapato? Dzutsa mutu! Munthu usanamufunse za thumba, mufunse za ana. Wayenda mtunda, mpatse madzi. Mtengo ubwere pambuyo."

Anamuphunzitsa kupisa dzanja mpaka pansi pa thumba, chifukwa mtedza wabwino amauika pamwamba. Anamuphunzitsa kuti mpamba uli ngati mbewu, munthu sakazinga ngakhale njala italuma, umadya phindu lokha. Koma phunziro lalikulu linali la mano. Alimi ena amawaza madzi mtedza kuti usavute kuswa ndiponso kuti ulemere pa sikelo, ndipo mtedza wotero umachita chuku ukakhala m'thumba.

"Luma," ankatero amalume akewo. "Wouma umalira kuti thwa! Wonyowetsedwa umangofwafwanyika ngati mbatata yophika. Ngakhale wabweretsa ndi mayi ako, luma. Pa sikelo palibe chibale."

Mtsikana analuma mpaka nsagwada zinazolowera. Wonyowa ankaukana, mwini wake akakalipa iye osagwedezeka. Lachiwiri ankakwera njinga yamoto kupita ku msika wa ku Dzaleka, kumene ankanenerera mitengo ndi amayi oyankhula Chiswahili, theka ndi pakamwa theka ndi zala. Andreya akuti sikelo yake inkapachikidwa moyandikana ndi ya a Elifala, ndipo anaona ndi maso ake mwana amene anabwera ngati nkhuku yonyowa akuyamba kuseka mokweza, kuitana alimi mayina awo, mpaka kumulanda iye makasitomala.

"Ankanditi, 'A Andreya, lero mwadzera kugula kapena kuwothera dzuwa?' Mwana uja!"

Amalume ake anamupatsa thumba la mtedza wabwino ngati malipiro ake, kuti ukhale mpamba wa kabizinesi kokazinga akabwerera kusukulu. Zonse zinkayenda.

Dzuwa la Okutobala litafika poswa mtengo, a Elifala anabwera ndi timapaketi ta pulasitiki todzaza mtedza wofiirira ngati wapakidwa utoto.

"Mbewu yamakono iyi, yothira mankhwala. Ndaitenga ku tauni. Upite nayo kwanu kumapiri. Anthu aja amakudziwa, amadziwanso bambo ako. Uvale malaya aja olembedwa dzina la koleji."

Chisangalalo anang'amba paketi imodzi, ndipo dzanja mwa chizolowezi linapita kukamwa. Amalume ake analimenya mtedza n'kugwa.

"Ukufuna kufa? Ndi poizoni ameneyo! Ukagwira uzisamba m'manja."

Njira ina ankaidziwa, yophunzira ku koleji. Umayala njere pa chiguduli chonyowa, n'kufunditsa, pakapita masiku ochepa umaona zomera ndi zosamera. Anaiganizira. Koma chiguduli chimenecho akanachiyala pati? M'nyumba ya amalume ake, amene ankamudyetsa, mwini mbumba, munthu amene anamubwezera mawu m'kamwa? Kuyesa chinthu chimene akupatsa amalume ako n'chimodzimodzi kuwauza kuti ndinu wakuba. Anasiya.

Kumudzi anapeza amayi atasonkhana pa banki m'khonde. Anaima pamaso pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku koleji anayankhula ndi alimi mawu osanjenjemera. Anafotokoza za kutalikirana kwa mizere, za kubzala ndi mvula yoyamba, za njere imodzi pa phando. Anawaseketsa. Anayankha mafunso. Mayi Lidia, mayi wamasiye amene chaka chilichonse ankatenga mbewu kwa a Mikayeli, ndiwo anayamba kumasula mfundo ya chitenje.

"Ngati wanena ndi mwana wa a Mikayeli, ine ndifunsenso chiyani? Ndipatse, mwanawe."

Ena onse anatsatira. Ambiri anasinja mtedza umene anasungira mbewu n'kuthira m'ndiwo, poti tsopano anali ndi yabwino. Chisangalalo anatsika phiri tsiku limenelo akuimba, mumtima akuti koleji ija tsopano ndiitha.

Mvula inagwa bwino. Chimanga chinamera, soya anamera. Mtedza wokha unatuluka apa ndi apo.

Chisangalalo anali atapita kukaona amayi ake pamene Mayi Lidia anafika pakhomo. Mpando anaukana. Anamasula nsonga ya chitenje, n'kukhuthulira njere zofiirira m'manja mwa mtsikanayo.

"Ndafukula m'mapando, ndapeza zowola. Izi ndi zotsala. Koma chandibweretsa ndi china. Nkhuku zanga zinabowola paketi, zinadya mpaka zithokomiro kulendewera. Ndinakhala pansi kudikira maliro. Mpaka lero zili gwa, zikuikira mazira. Tandiuza, iwe wophunzira, ndi poizoni wanji wosapha ngakhale mwanapiye?"

Chisangalalo anayang'ana njerezo. Kenako anaponya imodzi m'kamwa. Poyamba anamva kutsekemera kwa utoto umene amathira m'mafirizi a ana asukulu. Ataluma, sinalire. Inafwafwanyika, kuwawa kwa chuku n'kudzaza m'kamwa. Anauzindikira. Unali mtedza wonyowa umene iye mwini ankaukana pa sikelo. Alimi akamachoka nawo, amalume ake ankawatsatira kuseri kwa shedi, iye n'kumaganiza kuti akukawapepesa, chonsecho akukaugula motchipa.

Anatsika phiri wapansi, osadikira njinga. Anapeza a Elifala akusoka matumba.

"Amalume, mbewu ija sinamere."

"Dzuwa linawotcha. Uziwauza choncho."

"Ndaluma, amalume."

Singano inaima. Kenako anapitiriza kusoka, osadzutsa mutu.

"Ndiye ukuti nditani? Ine ndinagulitsa mbewu kwa ndani? Anaima pamaso pa anthu ndani? Wa zaulimi ndi ine kapena iwe?"

"Munandimenya dzanja. Munati ndi poizoni."

"Ndipo iwe unamvera. Ndinakuuza chiyani tsiku loyamba? Pa sikelo palibe chibale. Phunziro limeneli ku koleji sakanakupatsa. Tsopano tamvera, Chisa. Tseka pakamwa, Januwale akwane, upite kusukulu. Anthu akumudzi amaiwala. Ukatsegula pakamwa, uone wokulipirira."

Amayi ake atamva, analira, koma kulira kwake kunali kopempha.

"Mwananga, ndi mlongo wanga yekhayo. Ukamuyalutsa, tikadzaona zovuta adzatiimire ndani? Ukadzapeza banja, nkhoswe yako adzakhale ndani? Zam'nyumba sasimbira pamsika."

"Nanga ine, amayi? Ndikamaliza sukulu ntchito yanga ndi kuima pamaso pa alimi. Ndidzaime ndi nkhope iti?"



Apa Andreya anatsitsa mawu, ngakhale kuti pa lole panalibe wina womvera.

Tsiku la msika pa Nachisaka, anthu atadzaza, Chisangalalo anatulukira atavala malaya aja a ku koleji. Anakokera kreti yopanda kanthu pafupi ndi sikelo ya amalume ake, nakwerapo. Amayi a kumapiri analipo ambiri, ena atabwera kudzafunafuna mbewu ina.

"Amayi ndi abambo, zikomo! Tandipatsani makutu!"

Mawu ake anafika mpaka kwa ogulitsa kaunjika. Anali mawu omwe aja amene a Elifala anawasula okha. Anakweza paketi, naing'amba, n'kukhuthulira mtedza wodzaza dzanja m'kamwa.

"Mayo, mwana akudzipha!" anakuwa mayi wina. Ena anathamanga kuti amugwire. Iye anatafuna, nkhope itakwinyika ndi kuwawa, kenako anatulutsa lilime lofiira kuti aliyense aone.

"Sindifa. Si mankhwala awa, ndi utoto wa mafirizi. Si mbewu iyi, ndi mtedza wachuku. Amene anakugulitsani ndine. Munakhulupirira dzina la bambo anga, ine osaluma. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma amene anapaka utotowu n'kundiuza kuti ndi poizoni, ndi awa apa, amalume anga."

A Elifala anayesa kuseka.

"Sukulu yamuzunguza mutu mwanayu. Simukudziwa kuti anachita kumubweza?"

Palibe anaseka nawo. Mlimi wina amene anali atapachika kale thumba lake pa sikelo yawo analitsitsa mwakachetechete, n'kulisenza kupita nalo kwina. Wachiwiri anachitanso chimodzimodzi. Dzuwa lisanapendeke a Elifala anamasula sikelo yawo, natseka shedi. Sanabweze kanthu kwa aliyense, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la mwana wa mlongo wawo sanalitchulenso.

Chisangalalo anatsala ndi thumba lake lija, mpamba wake. Analikweza pa njinga kupita nalo kumapiri, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kugawa kuti anthu abzalenso m'mapando mosamera, ngakhale nyengo inali itapita. Silinakwanire onse. Ena analandira, ena anamutsekera chitseko.

Kwa Mayi Lidia anafika pomaliza. Anagwada, napereka mbale ya mtedza ndi manja awiri. Mayiwo anailandira. Kenako, mtsikana akuona, anatola njere imodzi n'kuiluma. Inalira kuti thwa. Anatolanso ina ya pansi pa mbale, nailuma. Analumanso ina.

"Ili bwino," anatero. "Ya bambo ako sindinkaluma."

Analowa m'nyumba osamuperekeza.

Andreya akuti ku koleji mtsikana anabwerera ndithu, mochedwa, atagulitsa mbuzi imene bambo ake anamusiyira, ndipo akuti masiku ano akaima pamaso pa alimi sanjenjemera. Amayenda ndi chiguduli m'chikwama. Koma akabwera pa tchuthi, pa Nachisaka satsika, ndipo amayi ake, amene anatsala pakati pa mwana ndi mlongo, sapitanso ku msika umenewo.

Lole inatuluka m'matope Andreya atangomaliza, ndipo tinasiyana pamphambano.

Za a Elifala ndilibe nazo mafunso, ngakhale ndikudziwa kuti wondiuzayo ndi munthu amene alimi aja anasamukira ku sikelo yake. Anthu otero ndakumana nawo m'misika yambiri. Chimene ndikukayika ndi cha mtsikanayo. Zala zimene zinagwira mtedza chilimwe chonse, zikanalephera bwanji kumva kufewa kwa njere imene inatsala pang'ono kulowa m'kamwa? Andreya akuti sankadziwa kanthu. Ine sindikhulupirira zimenezo kwathunthu. Ndikuganiza kuti anakayikira pomwepo, koma anaopa kuyala chiguduli chifukwa ankadziwa chimene chikanamuonetsa.