Chipsela pa Tsaya la Whiteson

Joana anali kupinda malaya a mwamuna wake pamene a Ezekiel, mkulu wake wa malemuyo, anakankha chitseko osaodila n'komwe. Panali patapita masiku atatu chiikile Whiteson m'manda, ndipo phulusa la moto wa pamalilo linali lisanasesedwe.

"Tulukani, mlamu. Abale akudikila pansi pa mango."

Anatuluka, nakhala pamphasa kumapeto. A Jessy, mlongo wake wa Whiteson, anasuntha miyendo kuti asakhudzane naye.

Matenda a Whiteson anayamba ngati kachilonda pansi pa lilime, kosapola. Kuchipatala ku Petauke dokotala anati ndi khansa ya m'kamwa, nawalembela kalata ya ku Lusaka, tsiku lake patatha miyezi iwili. Anafotokoza mwaulemu kuti kumeneko kuli makina owotcha nthendayo ndi kuwala kosaoneka, ndipo kuti m'maiko ena amatenthetsanso chotupacho ndi kutentha koyeza bwino, kuti mankhwala agwile. Pa zonsezo a Ezekiel anatolapo mau amodzi okha.

"Moto tikaufune ku Lusaka?" anatelo m'basi pobwelela. "Miyezi iwili munthu akuwola mkamwa?"

Sabata lomwelo anabwela ndi sing'anga wa ku Sasare, wonyamula kachitsulo kowotchela zilonda m'thumba la feteleza. Whiteson sanakane. Analeledwa ndi mkulu wakeyo, ndipo chibadwile sanamuyankhepo mokweza. Anagona pakhonde, mutu pamiyendo ya Joana. Anamuwotcha katatu, Loweluka lililonse, kawili mkati, komaliza patsaya. Kuyambila pamenepo kamwa silinatsekukenso bwino. Phala linkabwelela m'mbali mwa milomo. Anamwalila kutatsala masiku asanu ndi anai kuti apite ku Lusaka.

A Ezekiel anakhosomola, nayamba.

"Amene anasambitsa thupi anaona tsaya lija. Mudzi wonse wa Luembe ukukamba. Ife monga banja tachita manyazi. Munthu ukhala naye m'nyumba, uyenela kuona pamene zinthu zafika poipa."

"Chitsulo chija anabweletsa ndani, alamu?" Joana anafunsa, mau ali pansi.

"Mutu anagwila ndani?"

"Munati ndigwile."

"Mukanakana. Sindinu mwana."

Joana anayang'ana a Jessy. Masiku atatu onse owotcha aja ndi iwo ankakupiza mbaula ndi chivindikilo cha poto. Tsopano anali kuchotsa ulusi pachitenje chawo, mutu uli pansi. Amuna ena awili amene anali pakhonde tsiku lomaliza, amene anamva fungo lomwe Joana ankalimvabe m'tsitsi lake, anali kuyang'ana nkhuku.

"Munda wa kudambo ndi wa kubanja kwathu," a Ezekiel anapitiliza. "Atate anaugwetsela mitengo atangofika kuchokela ku Katete. Mukakolola chimanga chili m'mundacho, ubwelela kwa mwana wa Jessy. Inu muli ndi kwanu."

"Kwathu kuti? Ndinawoloka malile a Mozambique ndili kumsana kwa amai, tikuthawa nkhondo. Amai ali m'manda omwe mwaika mng'ono wanu. Munda umenewo ndaulima zaka makumi awili ndi ziwili."

"Mwalima, mwadya."

Joana anafuna kunena kuti Loweluka lachitatu Whiteson anamufinya dzanja mpaka chala kutupa, koma osatulutsa liu, poopa kuchititsa manyazi mkulu wake pamaso pa mlendo. Anaona kuti akanena, amupatsanso mlandu wa chalacho.

Abale aja anayamba kugawa katundu. Njinga inapita kwa a Ezekiel. Jekete la kuchalichi linapita kwa msuweni wa ku Nyimba amene sanabwele ngakhale kamodzi kudzazonda wodwala. Kenaka anatuma a Jessy kukatenga makasu kuseli kwa nkhokwe.

Anabwela nawo atatu, onse a mipini yatsopano, yoyela. A Ezekiel ananyamula limodzi, naliyesa pansi. Anachita kuwelama ngati akutola ndalama.

"Mipini yanji iyi? Ya ana a sukulu?"

Anayesa lachiwili, lachitatu. Onse chimodzimodzi.

"Anasema yekha," a Jessy anatelo, koyamba kutsegula pakamwa tsikulo. "Sabata lomaliza lija, inu mlamu mutapita kuchigayo. Ndinamupeza atatsamila nkhokwe, kasemasema akumugwa m'manja. Ndinati, achimwene, siyani, mudzasema mukachila. Anangondiyang'ana."

A Ezekiel anaponya khasulo pansi.

"Izi n'zopanda ntchito. Atenge amene afuna."

Linagwela pafupi ndi mphasa. Joana anali mkazi wamfupi, ndipo zaka zonsezo ankalima ndi makasu a mwamuna wake, kugwila mpini pakati, kotsalako kukumugunda m'nthiti. Sanadandaulepo. Sankadziwa kuti wina amaona.

Anatola khasulo, naimilila. Mpini unali wopalidwa ndi galasi losweka mpaka kusalala, wopanda pobaya. Pamalo pogwila anali ataupungula pang'ono, ndipo zala zake zinauzungulila n'kukumana.