Munda Wojambulitsira

Madzi osefukira atadutsa, munda umene unawonongekeratu m'dera lonselo unali umodzi wokha, wa bambo wina amene anthu ankamutcha Palibekanthu, chifukwa ukamuponda phazi iye ndiye ankayamba kupepesa. Mtsinje unamukwirira chimanga chonse ndi mchenga wofika m'mawondo, n'kumusiyiranso chimtengo chozuka ndi mizu yomwe pakati penipeni pa munda. Minda ya enawo madzi anangoinyambita m'mphepete.

Kenaka wailesi inalengeza kuti boma lipereka ndalama kwa alimi okhudzidwa. Akuluakulu a ku ofesi ya zaulimi sankafuna kudetsa nsapato zawo, ndiye anati aliyense angobweretsa chithunzi ataima m'munda wake wowonongekawo.

Woyamba kufika kumunda kwa Palibekanthu anali mlamu wake, amene chimanga chake chinali chitamasula bwinobwino kumtunda. Anabwera atavala malaya amene anavula chidole choopsezera mbalame, wojambula zithunzi wa pamsika ali pambuyo. Anapempha kuti angoimako pang'ono, ndipo mwini munda anati palibe kanthu. Mlamu anatsamira chimtengo chija, dzanja patsaya, nkhope ngati waferedwa.

M'mawa mwake kunabwera azakhali, kenaka telala amene chibadwire sanagwirepo khasu, kenaka a kwaya onse ndi wowaimbitsa yemwe. Wojambula uja anachita kumanga kachisakasa pomwepo, n'kumabwereketsa khasu lothyoka kwa ofuna kumvetsa chisoni kwambiri. Mkazi wa Palibekanthu ankamukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti m'nyumba mulibe ngakhale mbewu yoti abzalenso chinyezi chisanathe. Iye ankayankha kuti si ulemu kukankhana ndi alendo pamunda wako womwe.

Alendo atatha, Palibekanthu anajambulitsa nayenso, n'kupita ku ofesi atavala jekete yake ya kutchalitchi. Anakhala pabenchi yogwedera mpaka msana kuwawa. Kalaliki atalandira chithunzicho anaitana mnzake, onse n'kuseka mpaka kupukuta misozi.

"Bambo, mtengo uwu tatopa nawo," anatero kalalikiyo. "Obwera kale tinawalipira, koma abwana anena kuti wina akabweranso nawo tiitane apolisi."

"Komatu mundawo ndi wanga, bwana."

"Aliyense amatero. Mukanavalako zong'ambika ngati anzanu. Inu simukuoneka n'komwe kuti mwavutika."

Anawapempha kuti apite naye akadzionere okha. Anamuuza kuti galimoto ilibe mafuta, ndiponso nthawi yopuma inali itakwana.

Pobwerera anakumana ndi telala akupalasa njinga yatsopano, mapulasitiki asanachotse n'komwe. Kwa mlamu kunkamveka hamala, akukhoma malata. Palibekanthu zinamuwawa kwambiri, ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti onsewo anamupatsa moni wansangala. Atafika kunyumba, mkazi wake anangotulutsa nkhwangwa n'kuiika pamapazi pake, n'kunena kuti nkhuni za chimtengo chija zikagulitsidwa, mbewu ipezeka.

Anali atangodula nthambi zochepa kumunda kuja pamene gulu la ojambulitsa aja linatulukira, mlamu ali patsogolo, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino? Chithandizo chachiwiri chikubwera, ndipo akuti chikaperekedwa ndi ofesi ina yomwe mtengowu sinauonepo. Mukaudula ife tikaima pati?"

Azakhali anawonjezera kuti chibadwire sanaone munthu wouma mtima chonchi, wofuna kupha abale ake ndi njala. Telala anati nkhaniyi ndi yofunika kukaisuma, poti mtengowo tsopano unali wa anthu onse. Mlamu anaika phazi pathunthu, pamalo pomwe nkhwangwa inkagwera, n'kupinda manja.

Palibekanthu anamva mawu opepesa akukwera okha kukhosi monga mwa chizolowezi. Anayang'ana mchenga umene unakwirira chimanga chake, anayang'ana mkazi wake amene anaima chapatali ndi chingwe chomangira nkhuni. Analavulira m'manja n'kukweza nkhwangwa.

"Chotsani phazilo, alamu," anatero. "Lero sindipepesa."