Kuperekeza Nthiti

Ndinalota nthiti yanga ikuodira pakhomo.

Anali masana. Ndinali kuseri kwa nyumba, ndikuyanika zovala za anthu amene ndimawachapira, Sigele mwana wanga ali kumsana. Nditakweza mkono wamanzere kuti ndiponye bulangete pachingwe, dzanja linafa monga limachitira masiku onse. Linazizira ngati chitsulo cha mjigo m'mawa wa mu Juni, chikhatho n'kuyera ngati chinangwa chosenda. Ndili mkati molikutumula ndinamva, "Odi kuno."

Ndinaizindikira msanga, poti adokotala anali atandionetsa kale pachithunzi n'kunena kuti adzaichotsa pa opaleshoni. Ndi kafupa kopindika, kotalika ngati chala, kamene anthu ena alibe. Ine ndinabadwa nako m'munsi mwa khosi, ndipo zaka zonsezi kakhala kakupana mtsempha wopititsa magazi kumkono mpaka mtsemphawo watupa. Sukulu ndinalekeza tisanafike pa za mafupa, koma izi sizinandivute kumva. Ukaponda paipi madzi satuluka.

Nthitiyo inali itakhala pakhonde mwaulemu, yoyera mbee, ngati yachita kusamba ulendo.

"Mwaswera bwanji, amake Sigele?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ndaswera. Ndabwera kudzatsanzika. Akuti ndichoke lero."

Ndinaiyalira mkeka, ndinaipatsa madzi m'kapu ya alendo. Sinamwe, koma inathokoza.

"Mwakhalitsa," ndinatero.

"Ndikudziwa kuti simunandiitane. Koma sindinakudyereni kanthu."

"Mwandidyera dzanja."

"Malo anachepa, mayi. Wina amayenera kufinyika."

Kwathu mlendo akatsanzika sitimusiya atuluke yekha. Timamunyamulira kachikwama, timamuperekeza mpaka pamene tingathe, kenako timabwerera. Ndinafunsa ngati ili ndi katundu. Inati ayi, koma ilibenso miyendo, ndiye ndiyenera kuibereka.

Chitenje chinali chimodzi, chomwe munali Sigele.

Pamenepo bulangete lija linatseguka ngati chitseko ndipo munatuluka alamu anga a Felesiya, manja atatambasula kale.

"Bweretsani kuno, alamu. Si tinapangana kuti akhala ndi ine?"

"Tinapangana za mawa."

"Mawa ndi lero," anatero a Felesiya, ndipo ndinaona kuti akunena zoona.

Ndinamasula mfundo. Kunena zoona, miyezi yonseyi Sigele ndakhala ndikumubereka mwa apo ndi apo. Mfundo ya chitenje ikakhala pachifuwa, nsalu imakoka phewa, mkono wonse umachita dzanzi mpaka sopo kupulumuka m'manja. Ndiye ndinkamukhazika pathumba pafupi ndi beseni, n'kumupatsa chivundikiro cha ndowa kuti azisewera. Akakweza timanja ndinkamuuza kuti, dikira amako achire, udzakhala kumsana mpaka kutopa nako. Tsiku limenelo ndinali nditamubereka dala, zowawa ndi zowawa zomwezo, ndipo anali atangogona kumene.

Ndinamupereka ali m'tulo. Ndinawerama, nthiti inakwera, ndinamanga.

Inkalemera ndendende ngati Sigele. Inali yofunda, ndipo inkandipumira m'khosi.

Njira yochokera kwathu imatsikira kumsika, koma tsiku limenelo inadutsa m'chipatala. Mabedi anali atandandalikidwa mbali zonse ziwiri za msewu, pakati pa ogulitsa tomato. Namwino wina ankasesa fumbi ndi tsache la bango. Odwala ankadzutsa mitu kutipatsa moni.

"Mukuperekeza alendo?"

"Eya, ndingowafikitsa apa."

"Muwafikitse, koma mubwerere."

Pamwamba pathu nyali zoyera zinkadutsa imodzi imodzi, ngakhale kunali dzuwa. Wina anandifunsa ngati ndadya kanthu chidzukire. Ndinati ayi, anandiletsa. Anati ndachita bwino.

Titapitirira pang'ono nthiti inayamba kuyankhula kukhutu kwanga.

"Mukakadzuka akakuuzani kuti musanyamule kanthu. Ndowa ayi. Beseni ayi."

"Anandiuza kale. Makasitomala anga ndawagawira anzanga."

"Mwananso ayi."

"Ndikudziwa. Mpaka bala lipole."

"Mpaka bala lipole, mkono ulimbe, adokotala avomere."

"Zonsezo zidzatha. Ndikadzachira ndidzamubereka."

Tinadutsa chigayo. Chigayocho chinkagaya thonje loyera.

"Dzana Sigele anaima," inatero nthiti. "Anagwira mwendo wa mpando, kenako anausiya. Inu munali mutayang'ana m'beseni."

"Mukunama."

"Ine ndimakhala kukhosi, mayi. Ndimaona za kumbuyo kwanu."

Ndinangoikweza pang'ono n'kulimbitsa mfundo, monga umachitira mwana akamatsetsereka.

Kumapeto kwa msewu kunali chitseko chazitsulo chotsegukira mbali ziwiri. Ndinachikankha ndi phazi ndipo kuseri kwake kunali mtsinje. Unali waukulu, wosachita phokoso, wokhala ndi mlatho wamatabwa. Tsidya lino, pansi pa mtengo, panali malemu bambo anga atakhala pachitini chawo, nyundo ndi sizasi zili pambali. Ali moyo ankakhoma ndowa ndi kumata mapoto. Anali atavala chinsalu chobiriwira kukamwa, koma makutu awo ndinawadziwa.

"Ababa, muli bwanji kuno?"

"Moni pambuyo, Elube. Sendera."

Ndinagwada. Anapisa zala pamwamba pa fupa la paphewa langa n'kusolola paipi yofiira, yofewa. Anaiyang'ana padzuwa monga ankayang'anira poto kufuna pobooka. Malo amodzi inali itatupa ngati njoka yomeza chule.

"Taona. Apa pakanaundana magazi n'kutsikira ku zala, bwenzi tikunena zina. Unachedwa nayo."

"Mwana amayamwa, ababa. Ndikanamusiyira ndani?"

"Sindikukukalipira. Gwira apa."

Ndinagwira. Anadula potupapo, anatenga kachidutswa kena m'thumba la malaya, anayamba kulumikiza ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Sanadzutsenso mutu.

"Mlendo wakoyo umutsitsire pathabwa loyamba," anatero. "Iwe usapitirire."

Paipi inali yaitali moti ndinatha kuyenda iwo akusokabe. Nditafika pamlatho ndinayang'ana kutsidya. Kunali dambo lalikulu, ndipo m'dambomo munaima azimayi ambirimbiri, aliyense ndi mwana kumsana. Sankalima, sankatunga, sankapita kulikonse. Ankangogwedezeka pang'onopang'ono, ana ali m'tulo, masaya atatsamira pamapewa a amayi awo. Palibe amene ankakutumula dzanja.

"Kumeneko ana satsika kumsana," inatero nthiti. "Mukandiwolotsa, chitenjechi mukachimva chikulemera ndi Sigele. Simudzamasulanso."

Ndinaponda thabwa loyamba. Ndinapondanso lachiwiri. Kumsana kwanga kunayamba kununkhira phala ndi mafuta amene ndimamudzoza, ndipo kadzanja kanandigwira khutu, monga amachitira akamafuna kugona. Sindibisa, ndinafuna kupita. Ndinafunitsitsa.

"Elube," anatero bambo, osadzutsa mutu.

Ndinaima. Ndinayang'ananso azimayi aja, ndipo ndinaona kuti palibe utsi paliponse, palibe chingwe choyanikira, palibe ndi thewera limodzi lomwe.

"Kodi anawo amadya chiyani?" ndinafunsa.

"Sadya."

"Amadzuka nthawi yanji?"

"Sadzuka."

"Nanga mano akamera amatani?"

"Samera, mayi."

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka pathabwa loyamba. Ndinawerama n'kumasula mfundo ndi dzanja limodzi. Kadzanja kaja kanasiya khutu langa pang'onopang'ono, chala chimodzi chimodzi. Nthiti inatsetsereka n'kugwera pathabwa, gobede, kafupa chabe. Mphepo inandiomba kumsana, pamene panali thukuta la tonse awiri, ndipo ndinazizidwa.

"Mwandifikitsa patali. Zikomo," inatero. "Mukapereke moni kwa mwana."

"Muyende bwino."

Inagubuduzika yokha kuwoloka. Ndinatsala ndi chitenje chopanda kanthu, ndipo sindinadziwe kochiika, ndiye ndinachipinda bwinobwino n'kuchisiya pamenepo.

Bambo analuma ulusi, anabwezera paipi m'malo mwake, anapukuta manja. Kenako anapotokola kanthu paphewa langa ngati mpopi. Ndinamva madzi otentha akutsika mumkono, kudutsa pachigongono, kulowa m'zala ngati linthumbu. Zinawawa kwambiri.

"Nyamuka," anatero. "Akukuitana."

"Mayi Elube! Mayi Elube, tsegulani maso. Finyani dzanja langali."

Anali namwino. Kukhosi kunali kouma, pansi pa khosi panali bandeji, m'mbali mwanga munatuluka kapaipi. Ndinafinya. Anagwira pamkono pamene mtsempha umagunda, anamwetulira, anaitana mnzake kuti adzamvenso.

Ana salowa m'wodi. Patapita masiku, atachotsa kapaipi kaja, anandilola kukhala pabenchi lapakhonde, mkono uli m'nsalu yokolekera m'khosi. A Felesiya anabwera ndi Sigele kumsana, ndi basiketi ya chakudya kumanja.

"Alamu, musakhumudwe," anatero asanakhale n'komwe. "Ine ndimati ndimugwire kuti adikire inu, koma mwana wanuyu ndi wamakani ngati mwini wake."

Anamutsitsa n'kumuimika pasimenti. Anamusiya.

Sigele anaima, miyendo tang'a, akugwedera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaponya phazi, anaponyanso lina, dededede, mpaka anadzagwera pamaondo anga. Anakweza timanja tonse tiwiri.

"Musamunyamule, mayi!" anafuula namwino pawindo.

Sindinamunyamule. Ndinasendeza dzanja lamanzere kumapeto kwa nsalu n'kumupatsa chala. Kale ndikamukhudza nalo ankadzidzimuka n'kulira. Tsopano anachigwira, anachiyang'ana, anachiika kukamwa. Ndinkayembekeza kuti akwezanso manja, ndipo ndinali nditakonza kale mawu omupepesa.

Sanakweze. Anatembenuka, chala changa chili m'manja mwake, n'kuyamba kundikokera kumene kunali nkhuku paudzu.

Ndinaimirira pang'onopang'ono, bala likukoka, ndipo ndinamutsatira.