Ulusi wa Nalungwe

Ku Wenya konse, munthu wokhala ndi lamba wokwerera mitengo anali mmodzi yekha, Martin Sikwese. Anakamugula ku Tunduma pamulu wa kaunjika: lamba wamkulu wa m'chiuno, awiri a m'ntchafu, ndi chitsulo chomangira pamchombo. Amene anamusoka kunjako ayenera kuti ankayeza anthu odya nyama m'mawa ndi madzulo, chifukwa Martin atangovala, lambayo anatsetsereka n'kugwera pamapazi.

Amene anamukonza ndi mkazi wake, Evelyn Nalungwe, wosoka nsapato ndi zikwama pakhonde la golosale. Anamasula ulusi wogwira chitsulo, anachisunthira m'kati, anapinda lamba kawiri n'kusoka mizere isanu ndi ulusi wa m'tayala. Martin sankakwera asanayendetse chikhadabo pamizere yonseyo. Tsiku lina anabwerera panjira ya ku Nthalire, atayenda kale theka la tsiku, chifukwa kaulusi kamodzi kanali katayamba kunyenyeka. Anthu anamuseka mwezi wathunthu, koma iye analibe nazo ntchito.

Zaka zisanu ndi ziwiri chitsulo chinakhala pamalo amodzi. Kenako Martin anayamba kuonda. Ludzu losatha, chizungulire, maso kuchita mdima akadzuka msanga. Kuchipatala cha pa boma anati ndi shuga, anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti za m'mitengo aiwale. Iye anati inde, monga amayankhira amuna amene sanamve kanthu.

M'mwezi wa Febuluwale Evelyn anasuntha chitsulo zala ziwiri. Mu Juni, zala zitatu. Mabowo a singano akale anatsala palamba mndandanda, ndipo akawayang'ana ankaona mwamuna wake mmene ankathera. Pakamwa Martin ankati ali bwino. Lamba ndiye sankadziwa kunama.

Mphepo ya Okutobala, imene kuno imalowetsa fumbi mpaka m'mano, inang'amba nthambi ya bulugamu wamkulu wa kuseri kwa sukulu. Nthambiyo inatsala ikulendewera pamwamba pa kalasi ya ana a sitandade wani. Aphunzitsi aakulu anabwera okha kudzapempha, ndipo Martin anavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Masana anaponya lamba pamiyendo ya mkazi wake, amene ankaitanana naye ndi dzina la mwana wawo.

"Anyina Lusungu, sunthaniko pachoko chitsulochi."

"Yayi."

"Zala ziwiri basi."

"Nakana, awiske Lusungu. Dzana mwagwa pamjigo, pansi penipeni, pomwe nkhuku zimayenda. Lero mufuna kumwamba?"

"Nanga ana aja? Tidikire nthambi iwagwere?"

"Ana aphunzire pabwalo. Ine sindisoka."

Evelyn ankaopa, ndipo mantha ake ankatuluka ngati ukali. Martin sanakangane naye. Anatola waya wa sipoko ya njinga, anakhala pachitsa moyang'anizana naye, anapinda lamba n'kuyamba kukulunga wayayo pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi likhweru. Evelyn anayang'ana kumbali. Anatenga nsapato ya munthu, anaboola molakwika, anaiika pansi. Ankadziwa chomwe waya amachita ndi lamba munthu akalendewera: amadya ulusi ngati khoswe, kenako n'kusiya.

"Bweretsani kuno," anatero potsiriza. "Ngati mwafuna kufa, musafere pawaya ngati mbewa."

Sanasokepo chinthu bwino chotero moyo wake wonse. Koma chiuno cha Martin chinali chitatha, moti chitsulo chinkatererabe. M'mawa mwake anamuimika pakhomo, anamuveka lamba, anamanga, kenako anagwada n'kusokerera nsonga ya lambayo, atamuvala chomwecho, kuti isapulumuke. Singano inkadutsa pafupi ndi nthiti zimene akanatha kuziwerenga.

"Mwandisokera m'kati ngati thumba la khofi," Martin anaseka.

"Mukatsika ndidzakumasulani ndekha. Wina asagwirepo."

Anakwera dzuwa litakwera kale. Pansi chingwe anagwira John, msuweni wake, bambo wa mphamvu zake koma woopa kumwamba. Nthambi yong'ambika inadulidwa bwinobwino, inatsika pachingwe osakhudza lata n'limodzi lomwe. Ana anawomba m'manja. Evelyn, ataima patali ndi mpango kukamwa, anapuma.

Ndiye Martin anagwira kumaso. Sowo yodulira inagwa. Mapazi anachoka pamtengo, ndipo munthu anatsala akulendewera chagada, mutu kumbuyo, manja pansi, mphepo ikumuzunguza pang'onopang'ono.

Sanagwe. Lamba anagwira.

John anakoka chingwe chake, koma chimenecho chinali cha nthambi. Martin anali atadzimangirira kumtengo ndi chingwe chachifupi chimene munthu amamasula yekha ali pomwepo. Makwerero a kutchalitchi sanafike ngakhale theka. Amuna awiri anayesa kukwawa, koma bulugamu ndi woterera, anabwerera ndi zifuwa zosupuka. Wina anati tidule mtengo, anzake anamukalipira. Evelyn anaitana mwamuna wake ndi dzina lake lenileni, limene sanalitchule pagulu chikwatiwireni. Poyamba mwendo wa Martin unkagwedera. Kenako unasiya.

Pomwe ankalumikiza makwerero atatu ndi milimo ya denga n'kumufikira, dzuwa linali litapendeka, ndipo Martin anali atapita.

Anamugoneka pamphasa m'kalasi momwemo. Amuna analimbana ndi chitsulo, chinakana. Wina anatulutsa mpeni.

"Lekani," anatero Evelyn. "Ndinati ndimasula ndekha."

Anagwada ndi lezala. John anakhala pansi pambali pake, akulira ngati mwana, akufunafuna mawu oti amutonthoze nawo. Chitonthozo china ndi bwino munthu kungokhala chete.

"Alamu, munthuyu ankakhulupirira manja anu. Mayiro, dzulo lomweli, wanditumira mawu kuti, John, ngati anyina Lusungu akana kusoka, ukawauze aphunzitsi achotse ana, nthambi idzagwe yokha. Ine kukwera pawaya yayi, sindine wofuntha. Ndi ulusi wanu wokha ankakwera nawo, alamu."

Lezala linaima. Evelyn anakumbukira njira ya ku Nthalire, ndi mwamuna wobwerera chifukwa cha kaulusi kamodzi. Munthu ameneyo akanakwera pawaya wa njinga? Anali akudziwa zimenezi zaka zonsezi, koma dzulo mantha anamuiwalitsa. Kukana kwake kunali kokwanira. Akanangopirira likhweru lija mpaka kumapeto.

Sanalire pamenepo. Anaweramanso n'kupitiriza kudula, kaulusi kamodzikamodzi, ndipo palibe n'kamodzi komwe kanali katasuntha.