Metroni Ayamba Kuwonda

Amayi anga anagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu, ndipo atapuma sanasiye. Anangosintha odwala. Kuseri kwa nyumba anamanga khola la nkhumba zinayi, pambali pake la nkhuku. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse ankavala epuloni n'kupereka mankhwala a njoka za m'mimba kwa chiweto chilichonse, chodwala ndi chathanzi chomwe. Nkhuku ankazithirira m'madzi akumwa, nkhumba ankazisakanizira m'madeya. Nkhumba yaikulu yaikazi anaitcha Metroni, chifukwa inkayenda m'kholamo ngati ikuyendera wodi.

Amuna anga ndi dokotala wa ziweto. Ng'ombe yolusa saiopa, koma akafika pakhomo pa apongozi awo amasanduka mwana wasukulu. Tsiku lina anaona botolo la mankhwala aja pawindo la kukhitchini, analitembenuza, anawerenga, analibwezera pomwepo mwakachetechete. Pobwerera kwathu ndi pomwe anatsegula pakamwa.

"Amayi akuononga ziweto zija. Mwezi ndi mwezi, mankhwala amodzimodzi, osayeza n'komwe. Njoka zimazolowera. Uwauze."

"Ndiwauze ine? Dokotala ndi ndani pano?"

"Iwe ndi mayi ako."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuwadziwa."

Palibe anawauza. Panapita miyezi isanu.

Kenako Metroni anayamba kuwonda. Ankadya bwinobwino, koma nthiti zinkawerengeka ndipo ubweya unaima. Amayi anamupatsanso mankhwala pakati pa mwezi, osasintha. Lachisanu lina m'mawa anandiimbira foni. Sanandifunse n'komwe ngati ndadzuka bwanji.

"Ndipatse amuna akowo."

Amuna anga analandira foniyo ndi manja awiri, ataimirira.

Tinafika masana. Amayi anatilandira ali pakhomo la khola, manja m'chiuno.

"Bambo, wodwala wanu ndi uyu. Ine ndachita zonse."

Amuna anga anamuyang'ana Metroni m'maso ndi m'kamwa, anamusisita pamsana. Kenako anakhosomola.

"Amayi, ndimati ndipemphe... ndowe zake pang'ono. Ndi zitosi za nkhuku."

"Mwabwera ulendo wonsewu kudzandipempha ndowe?"

"Ee, amayi. Zatsopano."

Amayi anaseka mpaka kugwira mtengo wa khola. Koma anakatenga timabotolo tiwiri, anatitsuka ndi madzi otentha, anatolera okha, n'kulemba pa lililonse dzina, tsiku ndi nthawi. Amuna anga atatambasula dzanja kuti alandire, amayi anatiika m'chikwama mwawo.

"Wodwala wanga sindimusiya. Tipitire limodzi."

Kuntchito kwa amuna anga ndi kachipinda kamodzi, kokhala ndi tebulo, sinki ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anasungunula ndowe zija m'madzi amchere, anasefa, anadontheza pakagalasi. Atayang'ana zitosi anati nkhuku zili bwino, mazira a njoka ndi owerengeka, sizikufunika mankhwala pakali pano. Atayang'ana za Metroni anayamba kuwerenga mazira n'kulemba nambala papepala.

"Nenani," anatero amayi. "Ndamvapo zoipa zambiri ine."

"Zadzaza, amayi. Mankhwala aja sakuzigwiranso. Kodi muyezo wake mumaupeza bwanji?"

"Ndimayang'ana nkhumbayo n'kuganizira."

Atangotero anadzimva okha. Anakhala pansi pang'onopang'ono, chikwama pamiyendo.

"Ine," anatero. "Ine amene ndinkakalipira anthu ogula mapiritsi pamsika osayezetsa. Munthu akamwa theka ndinkamutsatira mpaka pageti." Anapukusa mutu, kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo. "Inu munadziwa liti?"

Amuna anga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana sinki.

"Kalekale pang'ono, amayi."

"Ndiye munangokhala chete? Ndimaluma ine?"

"Ayi, amayi."

"Pang'ono," ndinatero ine, ndipo amayi anandiponyera kathaulo.

Kenako anati awasunthire, aone okha. Anavula magalasi, anatsinzina diso limodzi, anapotokola kachitsulo ka pambali ngati anagwira dzulo lomwe. Anakhala pamenepo mpaka tiyi amene ndinawapangira anazizira, akuwerenga chapansipansi.

"Inu mwalemba angati apa?"

"Makumi anayi ndi awiri."

"Alipo makumi anayi ndi asanu. Atatu abisala kumphepeteku."

Amuna anga anawerama, anayang'ana, anafufuta nambala yawo n'kulemba ya amayi. Ankamwetulira mobisa.

M'mawa mwake tinabwerera kukhola ndi mankhwala amtundu wina. Sikelo yokwana Metroni panalibe, ndiye anamuyeza ndi tepi ya telala, kuzungulira chifuwa ndi kutalika kwa msana, kuti adziwe kulemera kwake. Amayi anagwira kumutu akumunyengerera, amuna anga akuthamanga ndi tepi kumbuyo, ine ndikulemba manambala. Metroni anawagwetsa amuna anga kawiri m'matope. Anagwirizana kuti khola lizikolopedwa, nkhumba zisamukire pouma, ndipo mankhwala azibwera pokhapokha ndowe zikanena.

Patatha milungu isanu ndi umodzi nthiti zinabisika. Masiku ano foni ya amuna anga ikalira m'mawa, nthawi zambiri amakhala amayi. Amakambirana za nkhumba mpaka madzi osamba kuzizira, ndipo kumapeto kwake ndi pomwe ndimamva akuti, "Ee, alipo. Ndiwapatsa moni."